Mmene mungapezere ndi kukonza vuto la injini yokwera idling m'minibasi yakale

Eni minibasi ndi mavani akale mu Mzuzu amalidziwa bwino vuto ili: galimoto yaima pa depoti kudikira kuti idzaze, phazi la dalaivala silikuponda moto, koma injini ikulira ngati ili pachitunda. Mafuta amatha msanga, giya yoyamba imalowa mokukuta, ndipo galimoto ikakhala ya otomatiki imadumpha mukangoika pa D. Ina imapitiriza kugwedezeka kwa kanthawi ngakhale mwazimitsa kiyi. Choopsa kwambiri chimaonekera potsetsereka, monga ku Chiweta kapena panjira ya ku Nkhata Bay, chifukwa injini yokwera idling (liwiro limene imalira nalo musanaponde moto) sigwira galimoto mokwanira mukachotsa phazi pamoto, ndipo ntchito yonse imatsalira mabuleki.

Ambiri amafulumira kutenga sikuludilaiva n'kupotokola sikuluu ya idling. Kulirako kumatsika kwa masiku ochepa, kenako injini imayamba kuzima m'mawa kapena pamphambano, chonsecho chimene chinayambitsa vutolo sichinakhudzidwe n'komwe. Kawirikawiri injini ya petulo silira mokwera popanda kulandira mpweya wochuluka kuposa woyenera, choncho ntchito yanu ndi kupeza pamene mpweyawo ukulowera ndiponso chimene chikuulola kulowa. Ndondomeko ili m'munsiyi ikuyambira pa zinthu zosafuna ndalama, ndipo sikuluu ija ikubwera pomalizira penipeni. Yalembedwa poganizira Toyota HiAce yopangidwa pakati pa 1989 ndi 2004, Mazda Bongo, Nissan Vanette ndi Nissan Caravan, ngakhale kuti mfundo zake zimagwira ntchito pa galimoto zina zakale.

Zida ndi zofunika kukhala nazo

- Masipanala a 8, 10, 12 ndi 14, pamodzi ndi masikuludilaiva a mitundu iwiri
- Pulayazi ndi kansalu kokulungira kukamwa kwake kuti isang'ambe mapaipi
- Tochi yowala bwino
- Botolo lopopera lodzaza madzi oyera
- Paipi ya labala yotalika pafupifupi theka la mita, yomvetserera phokoso
- Mankhwala otsukira kabuleta, mswachi wakale ndi nsanza zosathothoka ulusi
- Mita yoyezera magetsi, ndi kawaya kakafupi kosenda mbali zonse ziwiri
- Paipi yatsopano yopyapyala ya vacuum (yodutsamo mpweya woyamwidwa ndi injini), mamita awiri, ndi makilipi omangira
- Gasiketi yatsopano ya chilichonse chimene mukuganiza kuti mungamasule
- Choyezera liwiro la injini ngati dashibodi ilibe, ndiponso nyali ya timing (yoonera nthawi imene moto umafika m'masilinda), zimene mungabwereke kwa makaniko
- Foni yojambulira zithunzi musanachotse paipi kapena waya uliwonse

1. Konzekerani ndipo dziwani injini yanu

Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi opita mphepo, kokani handibuleki, ikani giya pa nyutilo kapena pa P, ndipo tsekerani mateyala ndi miyala. Injini ya mavani amenewa imakhala pansi pa mpando wakutsogolo, choncho mukautukula muumangirire bwino kuti usakugwereni m'manja. Tsegulani zitseko zonse, popeza utsi ndi fungo la petulo zimadzaza m'kati mwa galimoto mosavuta.

Onani ngati injini yanu ndi ya kabuleta, ya EFI kapena ya dizilo. Pa HiAce, injini za petulo 1RZ ndi 2RZ ndi za kabuleta, pamene 1RZ-E ndi 2RZ-E ndi za EFI, zoyendetsedwa ndi kompyuta. Injini za 2L, 3L, 5L ndi 1KZ-TE ndi za dizilo, ndipo ngati yanu ili m'gulu limeneli muchite gawo 2, 3 ndi 6, kenako mupite pa gawo 10. Funafunani kapepala komatidwa pafupi ndi injini kapena kunsi kwa mpando, chifukwa kamasonyeza liwiro loyenera la idling, timing, ndipo nthawi zina chithunzi cha mmene mapaipi ang'onoang'ono amayendera.

Chenjezo: fani ndi malamba zili pafupi kwambiri ndi pamene manja anu azigwira ntchito. Pindani manja a malaya ndipo musasiye nsanza pamwamba pa injini ikamalira.

2. Tenthetsani injini musanaiweruze

Injini yozizira inapangidwa kuti izilira mokwera, kawirikawiri pakati pa 1,200 ndi 1,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi), kenako izitsika yokha ikamatenthera. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo m'mawa wa mu June ndi July injini imachedwa kutentha kuyerekeza ndi ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, choncho kulira kokwera kwa mphindi zoyambirira si matenda. Yendetsani galimoto kwa mphindi 15, imani, zimitsani nyali, AC ndi fani ya hita, wongolani chiwongolero, kenako werengani liwiro. Injini zambiri za mtundu umenewu zikatentha zimakhala pakati pa 700 ndi 850 rpm. Ngati yanu ikupitirira 1,000 rpm itatentha, vuto lilipodi.

Lembani mmene kulirako kukuchitikira, chifukwa kukulozerani kokayambira. Kulira kokwera kosasinthasintha kumaloza ku kebulo ya moto, throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini), thermostat (valavu yoletsa madzi kupita ku rediyeta injini isanatenthe) kapena choke (kachitseko kochepetsa mpweya m'kabuleta injini ikazizira). Kokwera ndi kutsika mobwerezabwereza pa injini ya EFI kumasonyeza mpweya wochuluka kwambiri, moti kompyuta imadula mafuta kenako n'kuwabwezeretsa. Kumene kumachedwa kutsika mukachotsa phazi pamoto kumakhala kwa chinthu chimene chikukakamira.

3. Onani chopondera moto ndi kebulo yake

Chotsani kapeti kapena labala ya pansi pa mapazi a dalaivala, ndipo kokerani chopondera moto m'mwamba ndi dzanja injini ikulira. Ngati kulira kwatsika, vuto lili pa chopondera kapena pa kebulo. Pitani kumene kebulo imathera pa injini ndipo muikanikize ndi chala: iyenera kukhala yolenda pang'ono, osati yokungika ngati chingwe cha gitala. Ikakhala yokungika, masulani manati awiri a pa chitsulo chimene chimaigwira, isuntheni mpaka ilende pang'ono, ndipo mangani. Njira yotsimikizira ndi kuikolola kebuloyo pa throttle. Idling ikatsika pamenepo, musafufuzenso kwina. Kebulo yothothoka nsambo kapena ya dzimbiri m'kati musaipake girisi n'kuibwezera, igulireni ina, chifukwa tsiku lina idzakakamira muli pamsewu ndi anthu m'galimoto.

4. Tsimikizani kuti throttle ikutseka, ndipo itsukeni

Zimitsani injini ndi kuchotsa paipi yaikulu yochokera ku fyuluta ya mpweya. M'kati muona kachitseko kozungulira kamene kamatseguka mukaponda moto. Katseguleni ndi dzanja n'kukasiya: kayenera kubwerera kokha mwamphamvu mpaka kugunda pa sikuluu yake. Ngati kakubwerera mwaulesi, onani sipulingi yake, ndipo gwedezani kamtanda kamene kachitsekoko kamangiriridwapo kuti muone ngati kakhwepa, popeza kakadyeka mpweya umalowera m'mbali mwake.

Galimoto zoyenda m'misewu ya fumbi ya ku Mchengautuwa, Zolozolo ndi madera ena zimaunjika litsiro lakuda m'mphepete mwa kachitsekoka, makamaka ngati fyuluta inang'ambika kapena sikhala bwino m'bokosi lake. Poperani mankhwala pa nsanza ndi pa mswachi, ndipo tsukani mbali zonse ziwiri mpaka chitsulo chioneke.

Chenjezo: pa injini ya EFI, kasikuluu kamene kachitsekoko kamatsamira kanaikidwa ku fakitale ndipo nthawi zambiri kali ndi kadontho ka penti. Musakapotokole. Ngati pentiyo inasweka, dziwani kuti wina anakakhudza kale kuti abise litsiro, ndipo n'chifukwa chake idling ingakwere mukangomaliza kutsuka.

5. Sakani pamene mpweya ukulowera mwakuba

Ili ndi gawo limene muyenera kulipatsa nthawi yambiri, chifukwa m'galimoto ya zaka 20 kapena 30 labala yonse imakhala itauma, ndipo pansi pa mpando pamene injini imakhala pamatentha kwambiri. Yambani ndi maso ndi zala injini itazima. Gwirani paipi iliyonse yaing'ono yochokera pa manifold (chitsulo chogawira mpweya ku masilinda) kapena pa kabuleta, ipindeni pang'ono pafupi ndi pamene yalumikizidwa ndipo muunike ndi tochi, popeza ming'alu yambiri imakhala kunsi kumene diso silifika. Fufuzani timilomo tachitsulo timene tatsala pamtunda popanda paipi, ndi tina timene munthu anatitseka ndi bawuti kapena kamtengo. Galimoto yogona pafupi ndi munda kapena nkhokwe ya chimanga muionetsetse kawiri, chifukwa makoswe amakonda kutafuna mapaipi amenewa.

Kenako lizani injini. Ikani mbali imodzi ya paipi yomvetserera ija kukhutu, ndipo mbali inayo muiyendetse pang'onopang'ono m'mphepete mwa manifold, pansi pa kabuleta kapena throttle, ndi pa mfundo za mapaipi. Pamene pakudontha mumva kaphokoso koyamwa kosalekeza. Mukapakayikira malo, poperanipo madzi: ngati pali mpata, injini imayamwa madziwo n'kusintha kaliridwe kwa kanthawi. Amakaniko ambiri amapopera mankhwala otsukira kabuleta m'malo mwa madzi chifukwa injini imayankha msanga, koma ine sindilimbikitsa njira imeneyi kwa munthu amene akugwira ntchito pakhomo, popeza mankhwalawo amayaka, ndipo pa vani moto ungabukire m'kati mwenimweni mwa galimoto. Popopera madzi mupewe distributor (chida chogawira moto ku mapulagi) ndi mawaya a mapulagi.

Pali mapaipi awiri akuluakulu amene muyenera kuwayesa paokha. Yoyamba ndi yopita ku booster ya mabuleki, chida chimene chimapepuza chopondera buleki. Ikanikizeni ndi pulayazi yokulungidwa nsalu kwa masekondi angapo injini ikulira. Idling ikatsika, ndiye kuti booster kapena paipiyo ikudontha. Tsimikizani motere: zimitsani injini, pondani buleki kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, gwirizani phazi pamenepo n'kuliza injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono. Chikapanda kutsika, kapena mukamva mpweya ukufwenthera pafupi ndi mapazi anu, galimotoyo isanyamule anthu mpaka booster itakonzedwa, chifukwa pamenepa nkhani yasanduka ya mabuleki.

Yachiwiri ndi yochokera pa chivundikiro cha pamwamba pa injini, pamene pali valavu ya PCV, imene imatulutsa mpweya wa m'kati mwa injini kupita ku manifold. Izuleni valavuyo n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Yabwino imachita phokoso la kanthu kogubuduka m'kati. Yopanda phokoso yamatirira ndi mafuta akale, ndipo ikamatirira ili yotseguka imalowetsa mpweya wambiri. Itsukeni kapena muisinthe, pamodzi ndi kalabala kamene imakhalamo.

Mukapeza kuti gasiketi ya manifold kapena ya pansi pa kabuleta ndi imene ikudontha, yambani mwayesa manati ngati anamasuka. Ngati sanamasuke, ikani gasiketi yatsopano pamalo opalidwa bwino, ndipo mangani manati pang'onopang'ono mopingasa kuti chitsulo chisapindike.

6. Fufuzani thermostat ndi madzi a injini

Galimoto zina zakale m'dziko muno zilibe thermostat, chifukwa injini ikangoyamba kutentha kwambiri wina amaichotsa poganiza kuti nyengo yathu siifuna. Ku Mzuzu maganizo amenewa amawononga ndalama zambiri. Popanda thermostat madzi amazungulira mu rediyeta kuyambira pamene mwaliza injini, moti pa tsiku la chifunga ndi mvula yowaza, kapena potsika kuchokera ku Chikangawa, injini sifika n'komwe pa kutentha kwake koyenera. Kompyuta, choke ndi zida zonse zokweza idling m'mawa zimaona ngati injini idakali yozizira, ndipo zimapitiriza kuipatsa mpweya ndi mafuta ochuluka tsiku lonse. Zizindikiro zake ndi muvi wa kutentha umene sufika pakati kapena umatsika mukamathamanga, ndiponso hita imene imatulutsa mpweya wofunda pang'ono chabe.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Lizani injini itazizira ndipo muzigwira paipi yakumtunda ya rediyeta mphindi iliyonse. Iyenera kukhala yozizira kwa kanthawi ndithu, kenako itenthe mwadzidzidzi thermostat ikatseguka. Ikayamba kufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat mulibe kapena inakakamira ili yotseguka. Dikirani injini izizire, khetsani madzi m'beseni, ndipo masulani chivundikiro cha thermostat, chimene pa injini zambiri za Toyota chili pamene paipi yakumunsi ya rediyeta imalowera. Pa thermostat pamalembedwa nambala ya kutentha kumene imatsegukira, kawirikawiri madigiri 82. Yatsopano muyambe mwaiika mu poto wa madzi pamoto: iyenera kutseguka madzi asanawire ndi kutsekanso akamazizira. Poiika, kabowo kakang'ono kokhala ndi kapini kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzitulukirapo.

Musaiwale chimene chinachititsa kuti thermostat ichotsedwe poyamba. Ngati rediyeta ndi yotsekeka ndi dzimbiri, chitsekerero chake n'chotopa, kapena fani sikoka mokwanira, zikonzeni nthawi yomweyo, apo ayi injini idzawira mukamakwera chitunda choyamba.

Podzaza madzi, ikani hita pa kutentha, ndi yakumbuyo yomwe ngati ilipo, chifukwa mapaipi ake ndi aatali ndipo amasunga mpweya. Lizani injini rediyeta ili yosatseka, muziwonjezera madzi mpaka thovu lisiye kutuluka. Mpweya wotsalira m'mapaipi umanamiza sensa ya kutentha ndipo pawokha ungakweze idling. Onaninso timapaipi tiwiri ta madzi timene timapita ku throttle kapena ku kabuleta: injini ikatentha tonse tiwiri tiyenera kutentha. Timeneti tikaola, ena amangotidula n'kutilumikiza pambali, ndipo chida chimene chimadalira madziwo kuti chitseke mpweya chimakhala chotseguka mpaka kalekale.

Chenjezo: musatsegule rediyeta injini ili yotentha. Madzi ake amatuluka mwamphamvu ndipo amawotcha kwambiri.

7. Ngati injini ndi ya EFI

Pa Toyota zakale, kompyuta ikhoza kukuuzani yokha chimene chavuta. Pezani kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, lumikizani mabowo otchedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya kaja potsata chithunzi cha m'kati mwa chivundikiro chake, ndipo tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake popanda kuliza injini. Nyali ya injini ikamaphethira mofanana mosalekeza, palibe cholakwa chimene chasungidwa. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi nambala 22, ya sensa ya kutentha kwa madzi. Nambala 41 ndi ya sensa ya throttle. Onetsetsani kuti mwalumikiza mabowo oyenera, chifukwa ena m'kabokosimo ali ndi magetsi a batire.

Sensa ya kutentha imene imauza kompyuta ili ndi mawaya awiri, ndipo ndi yosiyana ndi ya waya umodzi imene imayendetsa muvi wa pa dashibodi, moti muvi ungaonetse bwino pamene kompyuta ikunamizidwa. Izuleni pulagi yake ndi kuyeza pakati pa mano ake awiri. Pa madigiri 20 iyenera kuonetsa ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000, ndipo pa madigiri 80 pakati pa 200 ndi 400. Ngati injini ili yotentha koma nambala idakali m'masauzande, isintheni. Yang'anani dzimbiri lobiriwira m'pulagi, chifukwa nalonso limakweza nambalayo n'kupangitsa kompyuta kuganiza kuti kukuzizira.

Valavu ya idling imakhala pa throttle kapena pambali pake, ndipo imalambalalitsa mpweya kachitseko kaja kakatseka. Ngati injini yanu imatha kulira paipi yaikulu ya mpweya itachotsedwa, tsekani ndi chala kabowo kamene kali kutsogolo kwa kachitsekoko injini itatentha. Ikatsika kwambiri kapena kuzima, mpweya wochulukawo ukudzera mu valavuyo. Ikapitiriza kulira mokwera, bwererani pa gawo 4 ndi 5. Masulani valavuyo ndi sikuludilaiva yokwana bwino, chifukwa masikuluu ake amabunthuka mitu msanga, tsukani mwaye wonse mpaka chozungulira cha m'kati chiziyenda momasuka, ndipo musamize mbali yake ya magetsi m'mankhwala. Ibwezereni ndi gasiketi yatsopano.

Sensa ya throttle ili ndi swichi imene imauza kompyuta kuti phazi lachoka pamoto. Pa Toyota, yezani pakati pa mano ake otchedwa IDL ndi E2: magetsi ayenera kudutsa throttle ikatseka ndi kuleka mukangoitsegula pang'ono. Ngati sizikutero, ikani chizindikiro pamene sensayo ili, masulani masikuluu ake awiri ndi kuitembenuza pang'ono kwambiri mpaka zitheke. Mukamaliza zonse, zulani fyuzi yolembedwa EFI kwa theka la mphindi kuti manambala akale afufutike.

8. Ngati injini ndi ya kabuleta

Chotsani chivundikiro cha fyuluta ya mpweya injini itatentha ndipo suzumirani pamwamba pa kabuleta. Kachitseko ka choke kayenera kukhala chilili, kotsegukiratu. Ngati kapendekeka, katseguleni ndi chala uku mukuponda moto pang'ono. Idling ikatsika, vuto lili pa choke. Kunja kwa kabuleta kuli kachitsulo ka masitepe kamene kamagwira throttle yotsegukako injini ikazizira, ndipo kamamatirira ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta. Katsukeni mpaka kazigwa kokha. Ngati choke yanu imatenthetsedwa ndi magetsi, yezani ngati magetsi akufika pa waya wake injini ikulira. Ngati imadalira madzi, bwererani ku timapaipi ta pa gawo 6.

Palinso kachida kozungulira kokhala ndi paipi ya vacuum kamene kamakankha throttle mukayatsa AC. M'galimoto zambiri AC inafa kalekale koma kachidako kanatsala, ndipo mapaipi akasokonezedwa kamakankha nthawi zonse. Zulani paipi yake n'kuitseka ndi chala kuti muone ngati idling itsika. Onaninso kachida kena kofanana nako kamene kamachedwetsa throttle kutseka, kuti kasakhale kokakamira panja.

9. Yezani timing

Moto ukamafika msanga kwambiri m'masilinda, idling imakwera ndipo injini imalira ngati muli timiyala mukamakwera chitunda mutanyamula katundu. Izi zimachitika kawirikawiri distributor ikatembenuzidwa ndi munthu wongodalira khutu. Gwiritsani ntchito nyali ya timing ndipo mutsate nambala ya pa kapepala kaja. Pa Toyota ya EFI, TE1 ndi E1 zikhale zolumikizidwa poyeza. Pa ya kabuleta, zulani ndi kutseka paipi ya vacuum yopita ku distributor. Mukamaliza, ibwezereni paipiyo pa mlomo wake weniweni, chifukwa ikapita pa mlomo wolakwika imakweza timing ngakhale pa idling.

10. Ngati injini ndi ya dizilo

Injini ya dizilo imayendetsedwa ndi kuchuluka kwa mafuta, choncho kusaka mpweya wolowa mwakuba sikungakuthandizeni. Yambani ndi kachitsulo kopotokola ka pa dashibodi kamene galimoto zina zili nako kokwezera idling m'mawa, chifukwa madalaivala osinthanasinthana amakasiya kali kokweza. Kenako onani ngati mkono wa pa pampu, umene kebulo imakoka, ukubwerera mpaka kugunda sikuluu ya idling. Ukatsala m'malere, china chikuugwira: kebulo yokungika, sipulingi yotopa, kachida ka AC, kapena chida chokwezera idling injini ikazizira, chimene chimadalira madzi otentha a injini kuti chibwerere. Pampu ya 1KZ-TE imalamulidwa ndi kompyuta, choncho pamenepo muwerenge manambala ndi kuyeza masensa monga pa gawo 7.

Chenjezo: masikuluu ena a pa pampu anamangidwa ndi waya kapena kuvekedwa chisoti, ndipo amenewo ndi a akatswiri a mapampu okha. Onaninso mlingo wa oyilo. Injini ya dizilo ikayamba kuyamwa oyilo wake, kaya chifukwa wadzaza mopitirira kapena turbo ikudontha, imathamanga yokha ndi utsi wambiri ndipo kiyi saizimitsa. Zikatero, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba ndi kusiya kilachi kuti izime, kapena tsekani polowera mpweya ndi thabwa lathyathyathya, osati ndi dzanja.

11. Sinthani sikuluu ya idling ndi kuyesa pamsewu

Pokhapokha zonse zapamwambazi zikakhala bwino m'pamene mungakhudze sikuluu. Injini ikhale yotentha, zamagetsi zonse zozimitsa. Pa kabuleta pali sikuluu ya liwiro, imene imatsamira pa mkono wa throttle, ndi ya kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya, imene ili m'munsi mwa kabuleta. Yambani ndi ya liwiro, muziitembenuza pang'ono, kenako pondani moto kamodzi ndi kudikira kuti injini ikhazikike musanaitembenuzenso. Pa dizilo ya pampu wamba, masulani nati yogwira sikuluu, sinthani, ndipo mangani natiyo mutaigwira sikuluuyo kuti isasunthe. Pa EFI yambiri kompyuta imakonza yokha liwiro.

Yendetsani galimoto mpaka ku Ekwendeni ndi kubwerera, ndipo muziona ngati muvi wa kutentha ukukhala malo amodzi ndiponso ngati idling ikubwerera pamalo ake nthawi iliyonse mukaima. Yatsani nyali ndi hita, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo injini isazime. Mawa lake m'mawa ilizeni itazizira: iyenera kuyamba mokwera ndi kutsika yokha.

Zolakwa zimene ambiri amachita

Cholakwa chofala kwambiri ndi kusintha zinthu zingapo nthawi imodzi. Munthu amatsuka throttle, kutembenuza distributor ndi kupotokola masikuluu awiri, ndipo injini ikasintha kaliridwe sadziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga. Chitani chinthu chimodzi, lizani injini, lembani zotsatira, kenako pitirizani.

Ena amagula sensa kapena valavu ya idling asanayeze chilichonse, ndipo nthawi zambiri amagula yogwiritsidwa kale ntchito imene ili ndi matenda omwewo. Ngati mukugula yakale, pitani ndi mita yanu mukaiyezere komweko, ndipo yerekezani nambala yake ndi ya imene mwachotsa.

Kumata paipi yong'ambika ndi tepi ya magetsi kumagwira kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako kutentha kumasungunula zomatirazo. Paipi ya mafuta kapena ya pulasitiki yoikidwa m'malo mwa ya vacuum imaphwatalala kapena kuuma msanga. Posintha mapaipi, chotsani imodzi n'kuika yatsopano musanachotse ina, kuti musasokoneze njira zake.

Silikoni wopakidwa mochuluka m'malo mwa gasiketi amafinyikira m'kati n'kutseka timabowo ta valavu ya idling kapena ta kabuleta, ndipo petulo amamusungunula.

Pali amene amazula pulagi ya valavu ya idling kapena kutsekeratu njira yake ya mpweya kuti kulira kutsike. Galimoto yotero imavuta kuliza m'mawa wa mu July, ndipo imazima mukaponda buleki mwadzidzidzi, nthawi imene chiwongolero ndi mabuleki zikufuna injini yolira.

Ena amabwezeretsa thermostat koma n'kudzaza rediyeta ndi madzi a pachitsime okhaokha, ndipo pakapita miyezi dzimbiri limatseka timapaipi topita ku throttle, vuto n'kubwerera. Sakanizani madzi oyera ndi mankhwala a mu rediyeta motsata zolembedwa pa botolo, ndipo m'sabata yoyamba muziona mlingo wake m'mawa uliwonse injini isanalire, popeza mpweya wotsalira ukamatuluka madzi amatsika.